A Damiano, Mkamwini wa Banki

Loweruka lapitali tinali kuseri kwa Linthipe, kokamanga chiliza cha a Damiano. Chaka chakwana chiwaikireni m'manda. Olankhula analankhula monga amalankhulira pamanda: wina anati malemuwa anali ofatsa, wina anati sankasunga mangawa. Ine ndinangoyang'ana nsapato zanga. Ndinakhala nawo mpanda umodzi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndikunena mosabisa kuti munthu wamakani ndi wosaiwala zinthu ngati iwo sindinamuonepo. Sindinali mbale wawo. Ndinali wa lendi m'nyumba yawo ya pa boma pa Dedza, nyumba imene anaimanga ndi ngongole ya ku banki.

Tsiku limene ndinakaiona koyamba, nditangotumizidwa kuno kudzaphunzitsa, ndinapeza mkulu wina wamtali, wowonda, atavala jekete yotuwa ndi chisoti chaubweya, akuzula udzu m'mphepete mwa khonde. Ndinamupatsa moni n'kufunsa ngati eni nyumba alipo.

"Eni ake ali ku Lilongwe, aphunzitsi," anayankha osadzuka n'komwe. "Ndi a banki. Ine ndimangowasungira."

Ndinayesa ndi mlonda wokonda nthabwala. Koma makiyi anatuluka m'thumba mwawo, mtengo wa lendi anatchula ndi iwo, ndipo nditapempha kuti achotsereko pang'ono anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Nyumbayo ndi ya zipinda zitatu, yanjerwa zootcha, ya siling'i ndi magetsi. Iwowo ankagona kuseri, m'kachipinda kamene poyamba kanamangidwa kuti azisungiramo simenti. Kali ndi kazenera kamodzi, ndipo chitseko chake chimayang'ana kuphiri, kumene kumachokera mphepo ya mwezi wa Juni.

Malamulo anandiuza tsiku lomwelo. Lendi inkayenera kulowa pa 25, osati pa 1, chifukwa a banki ankadula zawo pa 28 ndipo iwo ankafuna masiku atatu opumirako. Ndalama m'manja sankalandira. Ankati ndalama ikalowa m'thumba imamva fungo la msika. Ndinkakaika ndekha m'akaunti yawo n'kuwabweretsera kapepala, iwo n'kukaboola, n'kukalowetsa pa sipoko ya njinga imene inkalendewera kumutu kwa bedi lawo. Malipiro athu akachedwa, sankakalipa ayi. Ankangoyamba kusesa pansi pa zenera langa m'mamawa, akutsokomola mwadala, mpaka ine manyazi n'kupita kukabwereka kwa mnzanga.

Ndewu yathu yoyamba inali ya msomali. Ndinakhoma umodzi pabalaza kuti ndipachike wotchi. Anamva kugogoda ali m'kadimba kawo ka mbatatesi, ndipo anafika pakhomo hamala idakali m'manja mwanga.

"Aphunzitsi, khoma limenelo mwalipempha kwa ndani?"

"Bambo, ndi msomali umodzi wokha."

"Umodzi lero. Akabwera oyendera nyumba a ku banki, mudzawauza ndinu kuti ndi umodzi?"

Oyenderawo pa zaka zonsezo anabwera kamodzi kokha, ndipo khoma sanaliyang'ane. Koma msomali ndinazula, iwo n'kumata bowolo ndi chala. Ndewu yachiwiri inali ya mbaula. Amene anakhalapo pa Dedza akudziwa kuti mu Juni munthu umafuna moto pafupi ndi mapazi. Iwo ankati utsi ukudetsa siling'i. Pamenepo sindinagonje, ndinawauza kuti ana anga sangaume ndi chisanu chifukwa cha siling'i ya banki. Anakhala masabata awiri akundipatsa moni wa mutu wokha, kenako anabwera ndi chitini cha penti yoyera n'kuchiika pakhonde.

M'nyumbamo sankakhalamo pansi. Mpope ukadontha ankavula nsapato pakhomo, n'kulowa, n'kukonza, n'kutuluka. Pa Khirisimasi ndikawaitana kudzadya mpunga, mbale ankalandirira pakhonde. Chaka chachiwiri ndinapsa mtima, ndinawafunsa ngati m'nyumba mwanga mukununkha.

"Si choncho ayi," anatero. "Ine ndinakhala mkamwini zaka makumi awiri ndi zisanu, zinandikwana. Chikalata cha nyumba ino chili m'kabati ya banki. Ndikagonamo chikalata chili kwa eni, ndiye kuti ndine mkamwini wa banki. Ndidzalowa tsiku limene palibe munthu angadzandiuze kuti zikomo, mwatithandiza, pitani."

Nkhani ya chikamwinicho ndinaimva pang'onopang'ono, mbali ina kwa iwo, mbali ina kwa mwana wawo wamkazi, Agnesi, amene ankawabweretsera ufa kuchokera kumudzi. A Damiano anali dalaivala wa bungwe lina la zaulimi. Anakwatira mayi Rozina m'mudzi wa m'munsi mwa Chongoni, ndipo monga mwa mwambo wa kumeneko anakakhala kwa akazi awo. Malipiro awo onse anathera pamudzi umenewo. Anamangapo nyumba yamalata, yoyamba m'banja lonselo. Atabadwa Agnesi anachita chinthu chimene akuluakulu anaseka: anadzala mitengo ya paini m'munda wa kumtunda, iwo akukumba, mayi Rozina akuthirira. Anthu ankafunsana kuti mkamwini wodzala mitengo akuganiza kuti adzakhala pano mpaka liti.

Mayi Rozina anamwalira a Damiano ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu. Patapita miyezi, abale anakumana kuti awasudzule. Palibe anawatukwana, palibe anawaponyera katundu panja. Mlamu wawo, a Lukasi, mchimwene wa malemu, ndi amene analankhula. Anawathokoza kuti anasunga bwino mlongo wawo, n'kuwauza kuti tsopano ndi mfulu, akhoza kubwerera kwawo. Nyumba ndi minda zinatsala za ana, monga zimakhalira. Iwo anachoka ndi njinga, wailesi ndi sutikesi. Kwawo ku Linthipe alongo awo anawalandira bwino, koma minda inali itagawidwa kale, ndipo munthu wa imvi anagona miyezi inayi m'mphala ya mwana wa mlongo wawo. Ankati mawu a a Lukasi anali aulemu kwambiri moti panalibe poyankhira, ndipo chimenecho ndicho chinawapweteka. Kuyambira tsiku limenelo anatha zaka zambiri osapondanso m'mudzi muja, ngakhale pa ukwati wa Agnesi anangofika kutchalitchi n'kubwerera.

Puloti ya pa boma anagula chaka chotsatira. Kuti atenge lizi, chikalata cha boma chosonyeza kuti malowo ndi awo, anayenda zaka ziwiri, ndipo ankatha kutchula maofesi onse ndi mabenchi ake amene anakhalapo. Ndi ndalama zawo anamanga mpaka pazenera, mphamvu n'kutha. Ndiye anapita ku banki. Kumeneko anawafunsa mapepala a malipiro, pulani ya nyumba, inshuwalansi, ndi lizi ija ngati chikole. Ndalama sankawapatsa zonse pakamodzi: akafika pamutu wa khoma munthu ankabwera kudzaona, kenako n'kutulutsa za denga. Anagwirizana zaka khumi. Nyumba itatha, anaipenta, anaikolopa, n'kuika wa lendi. Ine ndinali wachiwiri.

Za ngongole anali ndi ziphunzitso zawo, ndipo ankazipereka kwa aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe. Ankati banki sibwera pamaliro, choncho mwezi wa maliro ndi mwezi wolipira ngati ina yonse. Ankati pepala lochokera ku banki usamaliike pansi pa matiresi usanaliwerenge kawiri. Akagulitsa mbatatesi zawo ankapita kukawonjezera, n'kuima pa kauntala mpaka atamva ndi makutu awo kuti ndalamayo yadula thunthu la ngongole, osati chiwongola dzanja chokha. Anyamata a m'kwaya ofuna kubwereka ankawauza kuti ukaona kuti ulephera, pita wekha kwa eni ndalama iwo asanabwere kwa iwe. Inshuwalansi ija ankaiseka. Ankati atafa lero ngongole yonse ifafanizidwa mawa, ndiye kuti njira yachidule ilipo, koma iwo akufuna kufika ali maso.

Chaka changa chachinayi m'nyumbamo, bungwe lija linatseka. Nthawi yomweyo chiwongola dzanja chinakwera, ndipo lendi yanga, imene kale inkakwana theka la zimene banki inkadula, inakhala ngati mchere wa m'ndiwo. Ndalama zimene anawapatsa posiya ntchito zinawayendetsa chaka chimodzi. Kenako analephera mwezi umodzi, wachiwiri, wachitatu. Munthu wophunzitsa anzake kuti azipita okha ku banki anachita manyazi, sanapite. Kalata inabwera yonena kuti akapanda kulipira zotsalirazo, nyumba igulitsidwa. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza anyamata awiri ovala bwino akujambula nyumbayo ndi foni, kutsogolo ndi m'mbali, a Damiano ataima patali manja kumbuyo ngati wodutsa m'njira.

M'mawa wa Loweruka anagogoda pakhomo panga atavala taye.

"Aphunzitsi, tiperekezeni ku Chongoni. Ndikufuna mboni yodziwa kulemba. Komanso nyumbayi ikapita, woyamba kutuluka ndinu."

Tinakwera minibasi, kwinako tinayenda wapansi. Titayandikira mudzi ndinaona nkhalango ya paini kumtunda, mitengo yowongoka, ikuluikulu yoti munthu mmodzi sangaikumbatire bwino. A Damiano sanatembenukire kumeneko.

A Lukasi tinawapeza akusoka thumba pakhonde. Anali atakalamba, diso limodzi loyera. Anatulutsa mipando iwiri. Ine ndinakhala, koma a Damiano anavula chisoti n'kukhala pansi, pafumbi, ndi taye yawoyo. Agnesi anabwera n'kugwada chapatali.

"Alamu, mwatikumbuka lero?" anatero a Lukasi. "Khalani pampando, mukutichititsa manyazi."

"Pano ndi pamalo panga, alamu. Ndabwera kudzapempha."

Anafotokoza zonse osabisa: miyezi itatu, kalata, anyamata ojambula. Kenako anapempha mitengo ija, kuti aicheketse matabwa. A Lukasi anazunguza singano m'zala.

"Mitengo ili panthaka yathu, ndi ya ana," anatero. "Koma ine ndili ndi mawu ena. Mukuvutikiranji, alamu? Nyumba munamanga ija si iyo? Agnesi ali momo, chipinda chilipo. Igulitseni ya pa bomayo, mubweze za eni, mubwere mudzakhale ndi adzukulu anu. Zakale zija unali mwambo, sichinali chidani."

Ine mumtima ndinati nkhani yatha bwino, ngakhale inkatanthauza kuti ndiyambe kufuna nyumba ina. Mawuwo anali achifundo, ndipo ndikhulupirira kuti a Lukasi ankanena zoona. A Damiano anapukuta fumbi pachisoti chawo.

"Zikomo, alamu. Koma ndikabwerera, ndidzakhala pano chifukwa mwandilola. Wolola ndi yemwenso amaletsa. Inu mukadzapita, wobwera pambuyo panu ndidzamupemphenso? Ndatopa kukhala mwa chilolezo."

A Lukasi anakwiya. Anati munthu wopempha sabwera ndi mwano, ndipo ngati mudzi wawo ndi woipa chotero, mitengo yakenso ndi yoipa. Anayamba kupinda thumba lija kuti alowe m'nyumba. Pamenepo Agnesi analankhula ali chigwadire.

"Amalume, munda wa kumtundawo ndi wa amayi, ndiye kuti ndi wanga. Amayi ankathirira, koma maenje anakumba ndi abambo. Ine ndikuti adule."

"Yonse?"

"Imene ikwanire."

A Lukasi anamuyang'ana mwana wa mlongo wawo, n'kuyang'ana mlamu wawo ali pafumbi. "Mitengo tengani," anatero. "Nthaka musiye."

"Nthaka ndinasiya kale," anayankha a Damiano.

Ndinalemba mgwirizanowo papepala la m'kope, onse atatu n'kusaina. Imene inakwanira inali yonse. Ocheka matabwa anatha masabata atatu, ndipo a Damiano sanapite kukaona ngakhale tsiku limodzi. Agnesi ndi amene ankawerenga matabwa pokweza m'lole. Ndalama zitabwera a Damiano anavalanso taye ija n'kupita ku Lilongwe. Analipira zotsalira zonse, anadula thunthu ndi zimene zinatsala, n'kupempha kuti awatalikitsire zaka kuti za pamwezi zitsike zifanane ndi lendi. A banki anavomera, zaka khumi zija zinakhala khumi ndi zitatu. Atabwerera anandiuza kuti akanapita mwezi woyamba uja, mwina theka la mitengo likanatsala. Sanabwerezenso mawu amenewo, koma kuyambira pamenepo anasiya kuphunzitsa anyamata a m'kwaya.

Zaka zotsalazo anakhala ndi mbatatesi, ndi maganyu oyendetsa galimoto za anthu opita ku maliro ndi ku maukwati. Shuga anasiya. Jekete inali yomwe ija.

Chaka chatha, kumapeto kwa Epulo, anatsika minibasi madzulo dzanja lili pachifuwa ngati wodwala mtima. M'kati mwa malaya munali envulopu yakhaki. Anandiitana pakhonde, anatulutsa chikalata chija n'kundionetsa chidindo chosonyeza kuti banki ilibenso gawo. Anandiuza kuti ndiwerenge mokweza, ndinawerenga, anati ndibwerezenso. Kenako anakhosomola n'kunena mwaulemu kuti akundipatsa mwezi wa Meyi wonse kuti ndipeze nyumba ina.

Apa ndi pamene pali mlandu wanga. Mwana wanga wamkazi ankalemba mayeso a Fomu 4 chaka chimenecho, ndipo sindinafune kumusamutsa mayeso ali pakhomo. Ndinawapempha kuti andidikire mpaka kutha kwa Julayi. Ndinawauza kuti chipinda chachitatu ndichotsamo katundu, alowe lero lomwe, tizikhala limodzi.

"Ndikalowa inu muli momo, ndidzakhala mlendo wanu," anatero. "Mwanayo alembe. Ndadikira zaka khumi ndi zitatu, miyezi iwiri si kanthu."

Chipindacho ndinachotsamo katundu ndithu. Iwo anagula bedi la mlombwa ndi matiresi atsopano, anyamata a kumsika anazilowetsa, iwo n'kukiya, kiyi n'kuika m'thumba. Masana ena ndinkawaona ataima panja pa zenera la chipindacho, dzanja pamphumi, akusuzumira bedi lawo.

Juni wa chaka chatha anazizira kwambiri. Anayamba kutsokomola, ndipo poyamba ndinaseka, ndinawauza kuti lendi ndalipira kale, asavutike. Pofika sabata yachiwiri chifuwa chinali chitatsika. Ndinawachonderera kuti alowe m'nyumba, ndinawatengera mbaula yanga ija ku kachipinda kawo, anailandira koma kulowa anakana. Tinapita nawo kuchipatala Lachiwiri, anati ndi chibayo. Lachisanu anamwalira. Madokotala sananene kuti ndi chifukwa cha kachipinda kaja, Agnesi sanandinenepo kanthu, koma ine ndimadziwa kuwerenga masiku. Ndikanasamuka mu Meyi, akanagona pabedi lawo masabata atatu, mwina kupitirira. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero, ndipo sindifuna kuti wina anditonthoze.

Bokosi linalowera khomo la kutsogolo. Tinachotsa mipando pabalaza, amayi a mpingo anayala mphasa, ndipo anagona m'nyumba yawo usiku umodzi umenewo. Kutacha galimoto inawatengera ku Linthipe, chifukwa mwamuna amaikidwa kwa amayi ake. A Lukasi anabwera, anakhala kumbuyo, ndipo pothira dothi anathira nawo.

M'envulopu yakhaki ija munalinso pepala lina, losainidwa pamaso pa mboni ziwiri za kutchalitchi. Nyumba anasiyira Agnesi. Pansi pake anawonjezera mzere umodzi wokhudza mwamuna wa Agnesi, Pitala, amene moyo wawo wonse ankamunena kuti ndi waulesi ndipo sadziwa kugwira khasu. Analemba kuti Agnesi akadzatsogola, Pitala adzakhale m'nyumbayo mpaka imfa yake, ndipo pasadzapezeke munthu womuthokoza n'kumuuza kuti apite. Pitala atamva analira kuposa mmene analirira pamanda.

Agnesi ali ndi minda yake ku Chongoni, ndiye anandipempha kuti ndipitirize kukhala. Lendi ndimamupatsa pa 25, ngakhale iye amati tsiku lililonse ndi labwino. Kachipinda ka kuseri sitinaikemo munthu. Mbatatesi za m'kadimba zinamera zokha ndi mvula, palibe anazikumba. Sipoko ija idakali kumutu kwa bedi lakale, yodzaza mapepala mpaka kunsonga, apansi atachita chikasu. Chisoti chaubweya chili pamsomali wa kuseri kwa chitseko, msomali umodzi wokha umene iwo anakhoma pampanda ponsepo. Wotchi yanga idakali pakabati.

Chipinda chachitatu n'chokiya. Kiyi tinaipeza m'thumba la jekete, Agnesi anaitenga, ndipo sindinamufunse. Ndikamasesa panja ndimadutsa pazenera lake. Bedi lili pakati pa chipinda pamene analisiya anyamata aja, silinakankhidwire kukhoma. Matiresi adakali m'pulasitiki yake.